Damu la matope a mgodi likakhala kumtunda kwa mudzi wanu: zofunsa, zoyang'ana ndi zochita

Anthu a m'boma la Lilongwe tinazolowera migodi ya miyala ya kwale, maenje a mchenga ndi nkhuti za njerwa, koma zaka zikubwerazi zingatibweretsere migodi ya mtundu wina, yofukula nthaka yochuluka ndi kuitsuka ndi madzi pofuna kupatulamo kachigawo kochepa kamene kali ndi msika. Ku Kasiya kampani ya Sovereign Metals inapeza rutile ndi graphite, ndipo ku Malingunde, kufupi ndi madamu a Kamuzu amene mzinda umamwako, kulinso graphite. Ziwerengero zimene zinalengezedwa za ku Kasiya zimasonyeza kuti rutile ndi pafupifupi 1 peresenti ya nthakayo, graphite n'kuposerapo pang'ono, ndiye kuti pa matani 100 alionse okumbidwa, oposa 95 ndi otsala amene ayenera kupezeredwa pokhala. Otsalawo amatuluka m'fakitale ali matope osakanikirana ndi madzi, amene m'malipoti a makampani amalembedwa kuti tailings, ndipo njira yofala padziko lonse ndiyo kuwapopera m'damu la khoma la dothi. Kampani ya ku Kasiya yakhala ikuyesa kubwezera zotsala m'maenje amene yakumba, ndipo njira yotero ikatheka imachepetsa chiopsezo, komabe migodi yambiri imakhala ndi damu, laling'ono kapena lalikulu.

Malangizo ano ndi a mafumu, makhansala, mamembala a makomiti a ADC ndi VDC, ogwira ntchito ku khonsolo, komanso ogwira ntchito pamgodi amene mabanja awo amagona kumunsi kwa khoma. Sipafunika digiri ya uinjiniya kuti munthu afunse mafunso oyenera. Chofunika kugwiritsitsa n'chakuti madamu otere amagwa kawirikawiri chifukwa cha madzi amene achuluka pamalo osayenera, ndipo madzi amachuluka chotero pamene palibe munthu wodziwika ndi dzina amene amayankha za damulo tsiku ndi tsiku.

Damu la madzi kawirikawiri limamangidwa n'kutha, ndipo mwini wake amalisamala chifukwa madziwo ndiwo katundu amene amagulitsa. Damu la matope limakwezedwa pang'onopang'ono zaka zonse zimene mgodi ukugwira ntchito, mameneja ndi mainjiniya akusinthanasinthana, ndipo zimene zili mkatimo sizilowetsa ngakhale tambala imodzi. Mitengo ya miyala ikatsika pamsika, kumeneko ndiko kampani imayamba kuumira ndalama. Mgodi ukatsekedwa fakitale imapasulidwa, magalimoto amagulitsidwa, koma damu limatsala pomwepo mpaka mibadwo ya m'tsogolo.

Yambani ndi maina ndi zilolezo

Pamsonkhano woyamba ndi akuluakulu a kampani, musanalowe nkhani za mijigo, midadada ya sukulu ndi ntchito za achinyamata, pemphani maina a anthu atatu, ndipo mlembi awalembe m'maminitsi. Woyamba ndi mkulu wa kampani amene udindo wonse wa damu uli pamutu pake, woti amafika kwa mkulu woyendetsa kampani yonse ndi ku bodi. Wachiwiri ndi injiniya amene amasainira kuti damu likumangidwa ndi kuyendetsedwa motsata pulani, amene m'mapepala amatchedwa Engineer of Record. Wachitatu ndi injiniya wa pamgodi pomwepo amene amayendera damulo nthawi zonse. Maudindo amenewa akuchokera mu Global Industry Standard on Tailings Management, muyezo umene unakhazikitsidwa mu Ogasiti 2020 ndi bungwe la makampani a migodi la ICMM, nthambi ya zachilengedwe ya United Nations ndi gulu la oika ndalama m'makampani la PRI. Muyezowu uli ndi mfundo 15 ndi zofunika kukwaniritsa 77, koma si lamulo la dziko la Malawi, choncho kampani imautsata mwa kufuna kwake. N'chifukwa chake ndi nzeru kupempha kuti lonjezo lotsata muyezowu lilembedwe mu mgwirizano wa chitukuko pakati pa kampani ndi anthu a m'dera, kuti lisakhale mawu a pamsonkhano chabe.

Kumbali ya boma, zilolezo zimachokera m'maofesi angapo. Laisensi ya mgodi ili pansi pa lamulo la migodi la 2023, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi la Mining and Minerals Regulatory Authority. Lipoti la kafukufuku wa mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, lodziwika kuti ESIA, limavomerezedwa ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA motsata lamulo la zachilengedwe la 2017. Chilolezo chopatutsa madzi mu mtsinje kapena kutayiramo madzi ochokera pamgodi chimachokera ku bungwe la madzi la National Water Resources Authority motsata lamulo la madzi la 2013. Ngati nthakayo ili ndi uranium kapena thorium, bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority nalonso limalowapo. Pemphani kuona chilolezo chilichonse pamodzi ndi mfundo zimene chinaperekedwa nazo, chifukwa m'mfundomo ndi mmene mumalembedwa zimene kampani ikukakamizidwa kuchita.

Kuchuluka kwa maofesi kuli ndi vuto lake, pakuti ofesi iliyonse ingaganize kuti khoma la damu likuyenderedwa ndi inzake. Zimene zinachitika ku Jagersfontein, m'dziko la South Africa, n'zoyenera kuziganizira. Kampani ya De Beers inagulitsa milu ya zotsala za mgodi wa diamondi mu 2010 kwa ena amene anayamba kuitsukanso, ndipo damu lawo litaphulika pa 11 Seputembala 2022 n'kugwetsa nyumba ndi kupha anthu, nduna ya migodi inanena kuti unduna wake unalibe mphamvu pamalowo chifukwa khoti linagamula kale kuti milu yakale yotero sili pansi pa lamulo la migodi. Kuti zotere zisakupezeni, lemberani kalata ofesi iliyonse ndi funso limodzimodzi: ndani mwa inu amayendera khoma la damu ili, anafikako liti komaliza, ndipo anapeza chiyani? Mayankho akasemphana, kapena aliyense akaloza mnzake, nkhaniyo ifike kwa bwanamkubwa ndi kwa phungu wa dera lanu damu lisanakwezedwenso. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha mapepala otere ku maofesi a boma, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito.

Mmene khoma likukwezedwera, ndi chimene chili pansi pake

Pali njira zitatu zokwezera khoma, ndipo funso lake ndi lalifupi: khoma latsopano likukhala pa chiyani? Mu njira imene malipoti amaitcha upstream, khoma lililonse latsopano limasunthira mkati n'kukhala pamwamba pa matope amene anatayidwa kale. Mu njira ya downstream limasunthira kunja n'kukhala pa dothi ndi miyala yotsenderedwa bwino, pamene mu njira ya centreline limakwera molunjika, mbali ina pa matope, mbali ina pa khoma lakale. Yoyambayo ndiyo yotsika mtengo, ndipo ndiyonso yoopsa, chifukwa matope a mgodi akakhuta madzi amatha kusungunuka mwadzidzidzi. Aliyense amene anapondaponda mchenga wonyowa m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe anaona mmene malo olimba amasandukira phala pansi pa mapazi. Matope a m'damu amatero ndithu, kungoti pamwamba pake pamakhala patakhala khoma la mamita makumimakumi.

Ndi zimene zinachitika ku Brumadinho, m'dziko la Brazil, pa 25 Januwale 2019, pamene damu la kampani ya Vale, lotalika mamita 86 ndipo lokwezedwa mwa njira ya upstream, linagumuka m'masekondi ochepa n'kupha anthu 270. Damulo linali litasiya kulandira matope mu 2016, kusonyeza kuti kusiya kuthiramo sikuchotsa ngozi. Chaka chomwecho dziko la Brazil linaletsa njirayi, pamene dziko la Chile linailetsa kale mu 1970 chivomezi cha mu 1965 chitagwetsa madamu a mgodi wa El Cobre n'kukwirira mudzi. Ifenso tili m'dera la zivomezi: cha ku Salima cha mu Marichi 1989 chinagwedeza chigawo chapakati, ndipo ku Karonga kunachitika zingapo zotsatizana mu Disembala 2009. Poona mvula yathu ndi zivomezi zathu, maganizo anga ndi akuti mudzi uliwonse ukane damu la upstream kumtunda kwake, ngakhale kampani itabwera ndi zifukwa zomveka bwino chotani.

Funsaninso za pansi pa khoma. Ku Mount Polley, m'dziko la Canada, damu linagumuka pa 4 Ogasiti 2014 chifukwa m'nthaka munali dongo lofewa limene ofufuza sanalizindikire pokonza pulani. Chigwa cha Lilongwe n'chodzala ndi madambo, ndipo malo a dambo amakopa omanga chifukwa ndi otsika ndiponso anthu samangapo nyumba, koma pansi pake pamakhala dongo lofewa ndi madzi amene sali patali. Malo athu ndi a thyathyathya, choncho damu silingatsamire phiri koma limafuna khoma lozungulira mbali zonse, mwina la makilomita angapo, ndipo chigawo chilichonse cha khomalo chiyenera kufufuzidwa pachokha. Pemphani mapu osonyeza pamene anaboola pofufuza nthaka, kuya kwa mabowowo ndi zimene anapeza. Mabowo akakhala ochepa ndi otalikirana kwambiri, makamaka pamene khoma likudutsa dambo kapena mfuleni, muli ndi chifukwa chokwanira chopempha kafukufuku wina. Funsaninso ngati anaganizira zofinya matope kuti atuluke madzi asanaunjikidwe, ndipo ngati anakana njirayo, afotokoze chifukwa china kupatula mtengo.

Madzi ndiwo nkhani yaikulu

Matope akamatuluka m'mapaipi oyalidwa pamwamba pa khoma, mchenga wolemera umakhazikika pafupi ndi khomalo n'kupanga gombe lotsetsereka, pamene madzi ndi dongo losalala zimatsikira pakati n'kupanga dziwe. Damu loyendetsedwa bwino limakhala ndi gombe lalitali ndi dziwe laling'ono lotalikirana ndi khoma, madzi ake akupopedwa kubwerera ku fakitale. Mukaona dziwe litafika pogunda khoma, dziwani kuti madzi akulowerera m'khomamo ndipo likufooka, ngakhale kunja likuoneka louma. Pulani ya damu imatchula utali wochepetsetsa wa gombe, komanso mpata umene uyenera kutsala pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma, umene umatchedwa freeboard. Pemphani manambala awiriwa m'mamita, muwalembe, ndipo pemphani kuti m'dziwemo muzikidwe mtengo kapena chitsulo cholembedwa miyezo chimene munthu angachiwerenge ali pamtunda.

Ku Merriespruit, m'dziko la South Africa, pa 22 Febuluwale 1994 kunagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 50 madzulo amodzi, ndipo dziwe limene linali litasunthira ku khoma linasefukira, n'kung'amba khomalo, matope n'kukalowa m'nyumba za anthu ndi kupha 17. Mvula yotero kwa ife si yachilendo mu Januwale. Anthu a ku Mtandire akukumbukira mmene mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu Febuluwale 2017, namondwe Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira mu Januwale 2022, ndipo Freddy mu Marichi 2023 anagumula mapiri m'chigawo chakummwera. Choncho funsani kuti damu linakonzedwa kupirira mvula yaikulu bwanji. Muyezo wa 2020 uja umagawa madamu m'magulu asanu potengera zimene zingaonongeke litagumuka, ndipo gulu loopsetsa liyenera kupirira chigumula chimene mwayi wake wochitika ndi umodzi pa 10,000 chaka chilichonse. Gulu limene damu laikidwamo silinena kuti khoma ndi lolimba kapena lofooka, limangonena kukula kwa tsoka litagwa, ndipo kampani imene yawerenga nyumba zochepa kumunsi imatsitsa gululo n'kumanga motchipa. Muwerenge nokha nyumba, sukulu, zigayo ndi madimba a kumunsiko, muyerekeze ndi zimene zalembedwa mu lipoti.

Pali zinthu zina zitatu za madzi zoyenera kuziona ndi maso. Ngalande zopatutsa madzi a mvula ochokera kumtunda kuti asalowe m'damu ziyenera kukhala zosatsekeka ndi mchenga kapena udzu. Njira yotayira madzi osefukira iyenera kukhalapo pa gawo lililonse la kukwezedwa kwa khoma, osati kudikira kuti idzamangidwa pamapeto. Mapampu ayenera kukhala ndi jenereta ndi dizilo wosungidwa pomwepo, pakuti mvula yamkuntho ndiyo imagwetsanso mapolo a magetsi, ndipo tonse tikudziwa kuti mafuta amasowa m'dziko muno nthawi zina. Nthawi yabwino yoyendera zimenezi ndi mu Okutobala mvula isanayambe, pamene dziwe liyenera kukhala litachepetsedwa kuti lilandire dzinja, ndiponso chakumapeto kwa Febuluwale pamene nthaka yakhuta.

Kuyenda m'tsinde mwa khoma

Gwirizanani ndi kampani kuti anthu awiri kapena atatu osankhidwa ndi mudzi aziyenda ndi injiniya wa pamgodi mwezi uliwonse, atanyamula kope ndi foni yojambulira, ndipo zithunzi zizijambulidwa ataima pamalo omwewo ulendo uliwonse kuti kusintha kuoneke. M'tsinde mwa khoma ndi mmene muli zambiri. Mu Okutobala udzu wonse umakhala utauma, choncho kachigawo kobiriwira pakhoma, kapena pamene pamera bango, ndi chizindikiro chakuti pakudutsa madzi. Kuchucha pang'ono kudzera m'mapaipi amene anaikidwira ntchito imeneyo si vuto, koma tungani madziwo m'botolo loonekera mkati, muliike pansi kwa mphindi zingapo, muone ngati pansi pake pakhazikika dothi. Madzi oyera amene kuchuluka kwake sikukusintha akusonyeza kuti zosefera zikugwira ntchito, pamene madzi a matope, kapena amene akuchulukirachulukira popanda mvula, akusonyeza kuti khoma likukokoloka mkati, ndipo zimenezo si zodikira msonkhano wa mwezi wamawa.

Pamwamba pa khoma yang'anani ming'alu, makamaka yoyenda motsata utali wa khoma ndi imene mbali imodzi yatsika kuposa inzake. Yang'anani pamene patitimira, pamene tsinde latukumuka, mapolo ndi mipanda yopendekeka, ndi zigwembe zokumbidwa ndi mvula kapena ndi paipi yophulika. Kwathu kuno muonjezerepo zulu za chiswe ndi mitengo yomera pakhoma, chifukwa njira za chiswe ndi mizu yowola zimasanduka njira za madzi. Mudzi nawo uli ndi mbali yake: kudyetsa ng'ombe pakhoma, kulima m'tsinde mwake, kukumbapo mchenga, kutola miyala yotchinjiriza kukokoloka ndi kuba mawaya kapena masola a zipangizo zoyezera, zonsezi zimafoola damu limene lili pamwamba pa nyumba zanu zomwe, ndipo ndi bwino mfumu iikepo lamulo ndi chindapusa. Ana aletsedwe kuyenda pa gombe la matope, chifukwa pamwamba pamauma n'kuoneka polimba pamene pansi pali phala lomiza munthu ndi ng'ombe.

Komabe maso ali ndi malire. Akatswiri amene anafufuza za ku Brumadinho anapeza kuti damulo silinaonetse zizindikiro zooneka lisanagwe. N'chifukwa chake m'khoma mumaikidwa zipangizo zotchedwa piezometer, zoyeza pamene madzi afika mkati mwa khoma, pamodzi ndi zizindikiro zoyezera kusuntha kwake, ndipo masiku ano zithunzi za setilaiti zimathandizanso. Chipangizo chilichonse chiyenera kukhala ndi malire olembedwa, osonyeza kuti muyezo ukafika apa zinthu zili bwino, ukafika apa injiniya aitanidwe, ukafika apa kupopa matope kuime ndipo anthu asamutsidwe. Funsani kuti zipangizo zilipo zingati, zimene zikugwira ntchito ndi zingati, ndipo amawerenga ndani. Funsaninso ngati injiniya wa pamgodi ali ndi mphamvu yoimitsa fakitale popanda kudikira chilolezo cha likulu la kampani kunja kwa dziko. Yankho la funso limeneli limaulula zambiri kuposa lipoti la masamba 200.

Musakhutire ndi chiphaso chopachikidwa pakhoma la ofesi. Damu la ku Brumadinho linali litapatsidwa chiphaso chakuti ndi lolimba ndi kampani yoyendera ya TÜV SÜD mu Seputembala 2018, miyezi inayi lisanagumuke. Woyendera amene amalipidwa ndi kampani, ndipo akuyembekezera ntchito ina kuchokera komweko, amavutika kulemba zosakondweretsa. Muyezo wa 2020 umafuna kuti madamu a m'magulu awiri oopsetsa akhale ndi gulu la akatswiri oima paokha, ndiponso aunikidwe mwakuya pasanathe zaka 5 zilizonse. Chimene inu mupemphe ndi mndandanda wa zimene akatswiriwo analangiza, tsiku limene analangiza, ndi tsiku limene chilichonse chinakonzedwa. Langizo limodzi likamabwerezedwa m'malipoti a zaka zotsatizana, ndiye kuti kampani ikulandira malipoti koma sikuwagwiritsa ntchito.

Kumene matope angafike, ndi kothawira

Kampani iyenera kuwerengetsa zimene zingachitike khoma litagumuka, n'kujambula mapu osonyeza kumene matope angadutse, kuya kwake ndi mphindi zimene angatenge kufika pamudzi uliwonse. Makampani ena amazengereza kuonetsa mapu otere ponena kuti anthu achita mantha, koma munthu amene sakudziwa kuti nyumba yake ili m'njira ya matope sangadziwenso kothawira. Mapuwo apachikidwe kwa a gulupu, pasukulu ndi pachipatala, ndipo afotokozedwe m'Chichewa potchula maina a mifuleni ndi midzi. Akasonyeza kuti matope angafike panyumba zina m'mphindi zochepa, sairini singapulumutse anthu a pamenepo, makamaka usiku, ndipo zoyenera kukambirana ndi kusuntha damu kapena kusamutsa mabanjawo ndi chipukuta misozi chokwanira. Ogwira ntchito nawo ayang'ane pamene pali kantini, maofesi ndi nyumba zogona, pajatu ambiri mwa amene anafa ku Brumadinho anali antchito, ena ali pa nkhomaliro m'kantini imene inali kumunsi kwa khoma, ndipo sairini sinalire.

Dongosolo la pangozi likonzedwe pamodzi ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, khonsolo, apolisi, chipatala ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zotere. Litchule woliza chenjezo, njira ina yochenjezera magetsi kapena netiweki zikathima, malo okwera osonkhanirana, ndi amene adzanyamule okalamba, odwala ndi aulumali. Anthu aphunzitsidwe kuthawira cham'mbali kukwera mtunda, osati kutsata mtsinje kapena msewu wa m'chigwa, ndipo asabwerere kukamasula mbuzi. Kuyeserera kuchitike kamodzi pachaka mvula isanayambe, ana a sukulu ali nawo, ndipo wina agwire wotchi kuti muone ngati nthawi yothawira ikugwirizana ndi ya pamapu.

Madzi akumwa ndi fumbi

Damu likhoza kuononga popanda kugumuka lonse. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linang'ambika, madzi a asidi n'kulowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi wa Kafue, nsomba zinafa, mbewu zinapsa m'madimba, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi mpaka boma linafika pothira laimu mu mtsinje pogwiritsa ntchito ndege za asilikali. Kuipa kwa madzi kumadalira mtundu wa mwala ndi mankhwala amene fakitale imagwiritsa ntchito, choncho funsani zonse ziwiri, komanso ngati pansi pa damu payalidwa dongo lotsenderedwa kapena pulasitiki yochindikala yoletsa kuchucha.

Chofunika kwambiri apa chichitike mgodi usanayambe: madzi a m'mijigo, m'zitsime ndi m'mifuleni ya kumunsi ayezedwe m'dzinja ndi m'chilimwe, ndipo zotsatira zake mudzi usunge. Popanda miyezo yoyambirirayo, tsiku limene madzi adzasinthe kampani idzanena kuti anali choncho kuyambira kale, ndipo mudzasowa poyambira. Potunga madzi oyeza, agawidwe m'mabotolo awiri, lina lipite ku labotale ya kampani, lina ku labotale ya boma kapena ina yosankhidwa ndi inu. Mkangano umene unabuka ku Karonga cha mu 2014 ndi 2015, pa nkhani yotayira madzi otsukidwa a mgodi wa uranium wa Kayelekera mu mtsinje wa Sere, unaonetsa kuti anthu savomereza ziwerengero zimene sanaone kutengedwa kwake. Za fumbi n'zachidule: gombe la matope likauma, mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imaliulutsira m'midzi, ndipo kampani iyenera kulinyowetsa kapena kulikwirira.

Mgodi ukaima, ukagulitsidwa kapena ukatsekedwa

Mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa ndi Paladin Energy mu 2009, unaima mu 2014 mtengo wa uranium utatsika, unagulidwa ndi Lotus Resources mu 2020, ndipo unayambiranso mu 2025. Zaka zonse zimene unali chiimire, mvula inkagwa ndithu ndipo madzi a pamgodi ankafunika wowasamala. Umu ndi mmene migodi imakhalira, choncho funsani lero kuti ntchito ikaima ndani adzatsale kuyang'anira damu, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti. Mgodi ukamagulitsidwa, pemphani msonkhano ndi eni atsopano, maina atatu aja alembedwenso, ndipo mufunse ngati mapepala onse a kamangidwe ndi miyezo ya zaka zam'mbuyo aperekedwa kwa injiniya watsopano.

Pulani yotsekera damu iyenera kukhalapo kuyambira pachiyambi, yonena mmene dziwe lidzaphwetsedwere, mmene pamwamba padzakwiriridwire ndi dothi n'kubzalidwa udzu, ndi zaka zimene kampani idzapitirize kuyeza madzi. Pulaniyo ikhale ndi ndalama ya chikole yoikidwa padera, imene boma lingaitenge kampani itagwa. Funsani kuti ndi ndalama zingati, zili m'manja mwa ndani, ndipo zili mu ndalama ya dziko liti, pakuti kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chikole chowerengedwa m'makwacha a zaka zapitazo sichingakwanire ntchito ya lero. Chikolecho chiziunikidwanso nthawi iliyonse imene khoma lakwezedwa.

Mukaona cholakwika, uzani injiniya wa pamgodi tsiku lomwelo, kenako lembani kalata yotchula tsiku, malo ndi chimene mwaona, muphatikizepo zithunzi. Makope apite kwa bwanamkubwa, ku MEPA, ku bungwe la migodi ndi ku bungwe la madzi, ndipo kope lanu lidindidwe chidindo cha ofesi iliyonse yolandira. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osaopseza moyo, komanso wopita ku khoti kukapempha kuti ntchito yoononga iimitsidwe, ndipo makalata odindidwa aja pamodzi ndi kope la miyezo ndiwo umboni umene loya adzayambe kukufunsani. Koma mukaona madzi a matope akutumphuka m'tsinde mwa khoma, kapena madzi akuyenda pamwamba pake, chotsani anthu m'chigwa choyamba, kalata idzalembedwa muli kumtunda.